TSAMBA LA OREGANO LIMAPHA TIZILOMBO, KOMA SILINGALOWE M'MALO MWA CIPATALA

Pa mapili a miyala a m'maiko a Greece ndi Turkey, kumene mvula imagwa m'nyengo yozizila ndipo dzuwa limaomba kwambili m'nyengo yotentha, pamamela kacitsamba konunkhila kochedwa oregano. Kwa zaka zikwizikwi amayi a kumeneko akhala akuthyola masamba ake, nawaumitsa ndi kuwathila m'ndiwo za nyama ndi nsomba. Masiku ano kacitsamba komweko kali kupimidwa ndi akatswili a sayansi m'maiko ambili, cifukwa kwapezeka kuti mafuta ake amapha tizilombo toyambitsa matenda.

Mbili imeneyi yafika ndi kuno kwathu. Masamba ouma a oregano amapezeka m'timabotolo m'masitolo akuluakulu a m'matauni, ndipo pa mafoni a m'manja pamayenda mauthenga otama mafuta ake monga mankhwala a nthenda iliyonse. Banja la kumudzi limene lili ndi mwana wodwala, pamene cipatala cili kutali ndipo ndalama ndi zocepa, liyenela kudziwa zoona zake lisanataye ngwee kapena kutaya nthawi. Zimene akatswili apeza ndi zakuti mphamvu ya oregano ndi yeniyeni, koma yaonekela m'mbale zopimila ndi m'zakudya, ndipo siinafike pocilitsa munthu wodwala.

KACITSAMBA KA KU MAPILI

Oregano amaphuka caka ndi caka pa citsa cimodzimodzi. Amatalika masentimita 20 mpaka 80, masamba ake ndi ang'onoang'ono ngati cikhadabo, ndipo maluwa ake ndi oyela kapena ofiilila. Katswili wa zomela wa ku Sweden, Carl Linnaeus, anam'lemba m'buku lake m'caka ca 1753 ndi dzina lakuti Origanum vulgare. Dzinali linacokela kwa Agiliki akale, ndipo ambili amalimasulila kuti "cimwemwe ca phili". Ali m'banja limodzi ndi mpungabwi, umene anthu a kumidzi amafukiza kapena kuika m'nyumba poingitsa udzudzu. Zomela za banja limeneli zimadziwika ndi tsinde la makona anayi ndiponso masamba omela awiliawili moyang'anana.

Pafupifupi zaka 2,000 zapitazo, sing'anga wacigiliki dzina lake Dioscorides, wa ku Anazarbus, dela limene lelo lili m'dziko la Turkey, analemba buku lalikulu la mankhwala a zitsamba. M'menemo anachula oregano monga mankhwala a cifuwa ndi a anthu olumidwa ndi zinthu za ululu. Lelo dziko la Turkey ndi limodzi la maiko otsogola pogulitsa oregano kunja, ndipo minda yambili ili m'cigawo ca Denizli.

Fungo la oregano limakhala m'timatumba ta mafuta timene tili pa khungu la tsamba, tating'ono kwambili kotelo kuti timaoneka bwino ndi galasi lokuza zinthu. Munthu akafikisa tsamba m'manja, timatumbato timaphulika, ndiye cifukwa cake zala zimatsala zili kununkhila.

Njila yocotsela mafutawa ikufanana ndi kaphikidwe ka kacasu. Masamba amaikidwa mu mphika waukulu wotsekeka, ndipo nthunzi ya madzi owila imapyola pakati pake ndi kunyamula mafuta. Nthunziyo imadzela mu mpope wozizilitsidwa ndi madzi, nisanduka madontho, ndipo mafuta amayandama pamwamba. Akatswili a pa yunivesite ya ku Thessaloniki ku Greece, atapima oregano wa m'thengo wa m'madela osiyanasiyana a dzikolo, anapeza kuti makilogalamu 100 a masamba ouma angatulutse lita imodzi yokha pamalo ena, pamene pamalo ena angatulutse malita 8.

ZIMENE ZILI M'MAFUTA

M'mafuta a oregano muli mitundu makumi angapo ya mankhwala a cilengedwe, koma inayi ndiyo imatenga gawo lalikulu. Maina ake ndi carvacrol, thymol, p-cymene ndi gamma-terpinene. Iwili yomalizilayi ili ngati dothi loumbila, pakuti ndiyo imene comela cimayamba kupanga cisanaisandutse carvacrol kapena thymol. Payokha ilibe mphamvu yambili pa tizilombo.

Eni nchito ndi carvacrol ndi thymol, amene ali ngati mapasa. Aliyense wa iwo anapangidwa ndi tinjele tochedwa maatomu tofanana ciwelengelo: 10 ta kaboni, 14 ta haidilojeni ndi kamodzi ka okosijeni. Amasiyana pa malo amene ka okosijeni kaja kanakhala, monga nyumba ziwili zomangidwa ndi njelwa zofanana koma makomo ake ali mbali zosiyana. Kusiyana kwakung'onoko kumaonekela ndi maso. Thymol akakhala payekha ndi timibulu toyela ngati mcele, timene timasungunuka pa kutentha kwa madigili pafupifupi 50, pamene carvacrol ndi wamadzimadzi ndipo amaocha lilime ngati tsabola.

Kuculuka kwa mapasawa sikufanana m'zomela zonse. Pali oregano wina amene magawo oposa 80 mwa magawo 100 a mafuta ake ndi carvacrol, pali wina amene thymol ndiye woculuka, ndiponso pali wina, makamaka wa kumaiko ozizila a kumpoto kwa Ulaya, amene ali ndi zonse ziwili zocepa kwambili. Mtundu wa mbeu, dothi, dzuwa ndi nthawi yokolola ndizo zimalamula. Motelo mabotolo awili olembedwa dzina limodzi angakhale ndi mphamvu zosiyana kutali.

Masamba akaviikidwa m'madzi otentha monga tiyi, zimene zimatuluka zimakhala zina. Carvacrol sasungunuka bwino m'madzi, ndipo wina amathawa ndi nthunzi, conco m'kapu mumatsala wocepa. Cimene cimatuluka bwino ndi mankhwala ena ochedwa rosmarinic acid, amene nchito yake yodziwika ndi kucedwetsa mafuta a m'zakudya kuti asaonongeke msanga. Tiyi wa oregano ndi mafuta a oregano ndi zinthu ziwili, ndipo zimene akatswili apeza pa mafuta siziyenela kunenedwa pa tiyi.

KAPIMIDWE KAKE

Tizilombo ta bakiteliya ndi tating'ono zedi, kwakuti 1,000 titandandalika pa mzele tingakwane milimita imodzi cabe, koma pamalo ofunda ndi a cakudya cokwanila tina timagawikana pawili pa mphindi 20 zilizonse. Pofuna kuyesa mankhwala, katswili amapaka tizilombo pa cakudya conga phala louma m'kambale ka galasi, naika pakati kapepala konyowetsedwa ndi mafuta. Kambaleko kamagona usiku wonse pa kutentha kwa madigili 37, kumene ndi kutentha kwa thupi la munthu. M'mawa tizilombo timakhala titadzaza mbale yonse, kupatula bwalo loyela lozungulila kapepala kaja. Kukula kwa bwalolo ndiko kumasonyeza mphamvu ya mankhwala.

M'caka ca 1999 akatswili atatu a pa University of Western Australia, a Hammer, a Carson ndi a Riley, anayesa mafuta ndi madzi a zomela okwana 52 pa mitundu 10 ya tizilombo. Atatu okha ndiwo analetsa mitundu yonse pa muyeso wosapitilila magawo 2 mwa magawo 100. Mafuta a oregano anali amodzi a iwo, ndipo ena anali a udzu wa tiyi wonunkhila ngati ndimu, umene mabanja ambili kuno amabzala kuseli kwa nyumba. Caka cimodzi m'mbuyo mwake, mu 1998, a Jennifer Billing ndi a Paul Sherman a pa Cornell University ku America anasonkhanitsa zotsatila za mayeso a zonunkhilitsa ndiwo zambili, napeza kuti adyo, anyezi ndi oregano zinali pakati pa zinayi zimene zinaletsa mtundu uliwonse wa bakiteliya umene zinayesedwapo.

Mu 2004 gulu lotsogozedwa ndi mayi Antonia Nostro a pa yunivesite ya ku Messina ku Italy linayesa mafuta a oregano pa tizilombo ta Staphylococcus, timene timabweletsa zithupsa ndi mafinya m'zilonda. Tina mwa ito tinali tosamva mankhwala a methicillin, a m'banja la penisilini. Gululo linapeza kuti dontho limodzi la mafuta m'madontho pafupifupi 1,000 linali lokwanila kuletsa tizilomboto kuswana.

MMENE AMAPHELA

Kacilombo ka bakiteliya kali ngati kathumba kokutidwa ndi khungu lopyapyala la mafuta, limene limasunga za m'kati ndi kusankha zolowa ndi zotuluka. Popeza carvacrol ndi thymol amakondana ndi mafuta, amalowelela m'khungulo ndi kulilekelela. A Annemieke Ultee ndi anzao a ku Wageningen m'dziko la Netherlands anaonetsa zimenezi mu 1999 pogwilitsa nchito Bacillus cereus, kacilombo kamene kamaswana mu mpunga wophika wogonela ndi kusanzitsa anthu. Anaona kuti carvacrol akafika, mcele wa potaziyamu umayamba kutuluka m'kacilombo ndipo mphamvu yake imatha, monga cubu ca njinga cikabooka.

Mu 2002 akatswili omwewo anaonetsa kuti kanjele ka okosijeni kaja, pamodzi ndi ka haidilojeni komatilila kwa iko, ndiko mano a carvacrol. Anapezanso kuti p-cymene, ngakhale ndi wofooka payekha, amatupitsa khungu la kacilombo ndi kuthandiza mnzake kulowa. Tizilombo tina, monga Pseudomonas aeruginosa, tili ndi khungu laciwili kunja, ndipo timafuna muyeso wokulilapo kuti tigonje.

PHUNZILO LA THYMOL

Mmodzi wa mapasa aja anakhalapo mankhwala a m'cipatala, ndipo mbili yake ili ndi phunzilo. Thymol anapezedwa koyamba mu 1719 ndi Caspar Neumann wa ku Germany m'mafuta a thyme, kacitsamba kacibale ka oregano. Ca m'ma 1880, anthu okumba njila ya sitima pansi pa phili la Gotthard, m'dziko la Switzerland, anayamba kufooka ndi kutha magazi cifukwa ca njoka za m'mimba zoyamwa magazi, zija zimalowela kumapazi. Dotolo wa ku Turin, Camillo Bozzolo, anaonetsa kuti thymol amazicotsa. Pakati pa 1909 ndi 1914 bungwe la Rockefeller linapeleka thymol kwa anthu oposa 400,000 kum'mwela kwa America.

Komabe mankhwalawo anali oopsa. Wodwala anali kuyamba wasala kudya ndi kumwa mankhwala otsegula m'mimba, ndipo anali kuletsedwa mowa ndi zakudya za mafuta, cifukwa zimenezi zinali kulowetsa thymol m'magazi ndi kuika moyo paciswe. Muyeso unali kupimidwa molingana ndi msinkhu wa munthu. Atapezeka mankhwala abwino koposa, madotolo anasiya thymol, ndipo lelo ana a sukulu amalandila mapilitsi a albendazole kapena mebendazole. Thymol anatsala m'mankhwala ena otsukila m'kamwa, amene munthu amacukuca ndi kulavula.

MBALE SI THUPI LA MUNTHU

M'kambale ka galasi mafuta amakumana ndi tizilombo maso ndi maso. M'cakudya zinthu zimasintha. Mayi Sara Burt a pa yunivesite ya ku Utrecht, atasanthula mu 2004 mayeso ambili a mafuta a zomela, analongosola kuti m'nyama, m'nsomba ndi mumkaka mumafunika muyeso wokulilapo, cifukwa mafuta a m'cakudyaco amayamwa mankhwala ndi kuchinga tizilombo. Kawilikawili muyeso umene ungaphe tizilombo umaononga kukoma kwa cakudya.

M'thupi njila ndi yaitali koposa. Mayeso a pa makoswe ndi pa nkhumba aonetsa kuti carvacrol amayamwidwa msanga m'cifu ndi kumayambililo kwa matumbo, ciwindi cimam'sintha, ndipo wambili amatuluka ndi mkodzo. Kuti afike m'mapapo kapena m'magazi pa muyeso wa m'mbale, munthu angafunike kumwa woculuka kwakuti angadzipweteke. Mafuta osasungunula amaocha khungu, m'kamwa ndi kummelo, ndipo ndi oopsa m'maso. Amayi apakati, amayi oyamwitsa ndi ana ang'ono sayenela kuwamwa. Pa mndandanda wa mankhwala ofunika wa bungwe la zaumoyo la dziko lonse, World Health Organization, mafuta a oregano palibepo monga mankhwala a cibayo, TB, cindoko kapena kolela.

Nkhani ya kolela ikali m'mitima ya anthu. Mlili umene unayamba ku Lusaka mu Okutobala 2023 unafika m'zigawo zonse 10 za dziko lino. Anthu oposa 20,000 anadwala ndipo oposa 700 anamwalila. Bwalo la masewela la National Heroes Stadium linasandutsidwa cipatala, ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa mpaka mu Febuluwale 2024. Cimene cimapha pa kolela ndi kutha kwa madzi m'thupi, ndipo wodwala angafe m'maola ocepa. Wotsegula m'mimba ayenela kupatsidwa msanga madzi a ORS. Ngati mapaketi palibe, a pabanja asungunule masupuni ang'ono 6 osasefukila a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mcele mu lita imodzi ya madzi owilitsa, ndipo wodwala azimwa ali pa njila ya ku cipatala. Usiku umodzi woyembekezela kuti tsamba ligwile nchito ungacotse moyo wa mwana.

CIFUKWA CAKE AKATSWILI SALI KULEKA

Akatswili ali kulimbikilabe kufufuza zomela zonga oregano cifukwa mankhwala opha bakiteliya ali kutha mphamvu. Alexander Fleming, amene anapeza penisilini mu 1928, anacenjeza mu 1945 kuti kumwa muyeso wosakwanila kudzaphunzitsa tizilombo kupilila mankhwala. Cenjezo lake lakwanilitsidwa. Lipoti lofalitsidwa m'magazini ya madotolo ya The Lancet mu 2022 linaonetsa kuti mu 2019 anthu 1.27 miliyoni padziko lonse anafa ndi tizilombo tosamva mankhwala. Ciwelengelo cimeneci cinaposa ca amene anafa ndi malungo kapena ndi Edzi caka comweco, ndipo maiko a mu Africa a kum'mwela kwa cipululu ca Sahara ndiwo anakhudzidwa koposa. Boma la Zambia linakhazikitsa mu 2017 dongosolo la zaka 10 lolimbana ndi vuto limeneli.

Mbali ina ya vutoli ili m'makola. Kwa zaka zambili alimi akuluakulu anali kuthila mankhwala opha bakiteliya m'zakudya za nkhuku ndi nkhumba kuti zikule msanga. Maiko a European Union analetsa mcitidwe umenewu kuyambila pa 1 Januwale 2006, ndipo kuyambila pamenepo makampani a zakudya za ziweto akhala akuyesa mafuta a oregano m'malo mwake. Zotsatila zake ndi zosakanizika, pakuti m'mayeso ena nkhuku zinakula bwino ndipo m'mayeso ena sipanaoneke kusintha. Alimi a nkhuku za kumudzi akumbukile kuti cidelu cimabwela ndi vailasi, kacilombo ka mtundu wina kosiyana ndi bakiteliya, ndipo cimapewedwa ndi katemela amene alangizi a ziweto amafotokoza kapelekedwe kake.

CIKOMEKOME CA MKUYU

Malonda a oregano alinso ndi cinyengo cake. Mu 2015 Pulofesa Chris Elliott wa pa Queen's University ku Belfast anapima mapaketi 78 a oregano wouma ogulidwa ku Britain ndi ku Ireland, napeza kuti 19 anali osakanizidwa ndi masamba a mitengo ina, makamaka a azitona. Mu 2021 lipoti la European Union linanena kuti pafupifupi theka la oregano amene anapimidwa m'maiko ake anali wokayikitsa. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyelele. Ngati zotele zimacitika kumaiko a zipangizo zopimila, wogula botolo lopanda cizindikilo pa msika kapena m'basi ayenela kucenjela koposa. Kuno kwathu bungwe la Boma loyang'anila mankhwala ndi Zambia Medicines Regulatory Authority, ndipo ndilo limapeleka cilolezo ca mankhwala ogulitsidwa m'dziko.

MALO AKE PAKHOMO

Zonsezi sizicotsa ulemu wa oregano m'khichini. Amamela bwino pamalo a dzuwa ndi pa dothi losasunga madzi, koma m'dambo mizu yake imaola. Amabzalidwa ndi njele kapena ndi nthambi zodula. Masamba amathyoledwa maluwa akayamba kuoneka, ndipo amaumitsidwa pa mthunzi kuti fungo lisathawe. Kambatata kocepa kamakometsa nyemba, nsomba, nkhuku ndi matimati, ndipo pa muyeso wa m'ndiwo alibe vuto kwa munthu aliyense wa pabanja.

Palinso mbale wake wa kuno ku Africa, wa masamba onenepa a ubweya ndi amadzimadzi, amene amayi ena a m'matauni amabzala m'zitini. Akatswili amam'cha Plectranthus amboinicus, ndipo kwao kweniko ndi kum'mawa ndi kum'mwela kwa Africa, ngakhale kuti kumaiko a kutali amam'cha oregano wa ku Cuba. Nayenso ali ndi carvacrol kapena thymol m'masamba ake, ndipo zonse zimene zanenedwa pa oregano, zabwino ndi zocenjeza zomwe, zikum'khudza.

Tsamba lonunkhila silingakonze nyama yoola kapena kuyeletsa madzi a pa citsime cosaphimba. Zimene zimachinjiliza banja ndi zija anamwino amanena pa sikelo ya ana: kuwilitsa madzi akumwa kapena kuthilamo kilolini, kusamba m'manja ndi sopo pocoka ku cimbudzi ndi pofuna kudya, kuphika cakudya mpaka cipse, ndi kuciphimba kuti nchenche zisatelepo. Wolandila makapisozi ku cipatala awamwe monga momwe dotolo wanenela, asagawileko mnansi, ndiponso asagule awili kapena atatu pa kantini.

Penisilini anacokela ku nkhungu ndipo kwinini anacokela ku khungwa la mtengo, koma zonsezi zinayamba zayesedwa pa odwala ndi kupimidwa muyeso zisanafike m'manja mwa anamwino. Oregano sanatsilize ulendo umenewo. Munthu amene wauzidwa kuti botolo la mafuta lidzacilitsa cibayo ca mwana kapena cilonda ca nkhalamba apite nalo kwa azaumoyo a pa cipatala ca pafupi, akafunse asanam'mwetse wodwala, pakuti safunsa anadya phula.